Che Amidu ndi Digiri ya Chikamwini

Amene munadutsapo pa msika wa Mangochi zaka zimene anthu a ku Mozambiki ankathawa nkhondo, Che Amidu munawaona ndithu, kaya dzina simunalidziwe. Anali telala uja wa pa khonde la sitolo, moyang'anana ndi amayi ogulitsa utaka, wamfupi, wa kofia yoyera ndi tepi m'khosi. Kusoka ankasoka, koma pa nsalu pankakhala diso limodzi lokha. Linalo linkayendayenda mumsewu kufuna kudziwa kuti uyo akupita kuti, m'thumba wanyamulamo muli chiyani, nanga lero wavaliranji nsapato. Kolala ikatuluka yopotoka, mwini malaya ankangodziwa kuti tsiku limenelo mumsewu munadutsa zachilendo.

Mtima wofuna kudziwawu unawapatsa ntchito yachiwiri, yopanda malipiro. Kuyambira kwa Mponda mpaka ku Nkopola, mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, eni mwana ankatuma Che Amidu kuti akamufufuze. Anali ndi malamulo awo a kafufuzidwe. Mnyamatayo osamuyang'ana, chifukwa tsiku lofunsira aliyense amasamba; koma kukaona akuluakulu akwawo, kuti anthu a mtundu umenewo amakalamba bwanji. Ndiponso pakhomo osalowera kumaso, koma kuzungulira kuseri n'kukacheza ndi woyandikana nawo nyumba. Anthu ankavomereza kuti mabanja ofufuzidwa ndi Che Amidu ankalimba. Amene sankalimba ndi awo okha. Ku chikamwini kwa Mponda anawathamangitsa apongozi atatopa ndi mafunso, ndipo ku Malindi anachokako okha m'mamawa, makina ali pamutu. Ukawafunsa, ankati sing'anga sadzitemera yekha kumsana.

Che Amidu anali ndi mlongo wawo, Amida, mayi wamasiye wogulitsa mpunga wophika pa depoti. Ana aamuna a Amida anali atabalalika, wina ku Joni, wina kuchikamwini kutali uko. Wamkazi anali mmodzi, Ajira. Kwathu kuno mudzi umayenda ndi ana aakazi. Nyumba, dimba la kumtsinje ndi mitengo ya mango imene anabzala agogo, zonse zinkadikira Ajira, ndipo mwamuna womukwatira ndiye ankayenera kudzakhala pamenepo. Ajira akanachoka, pakhomopo pakanamera udzu.

Vuto linali lakuti mwanayo anali ndi mutu. Anafika folomu folo ku sekondale yogonera komweko, ndipo aphunzitsi ankati akhoza kusankhidwa kupita ku yunivesite. Pa holide yomaliza anawatuma ana onse kuti akakambirane ndi makolo maphunziro amene akufuna, adzatchule sukulu ikatsegulidwa. Amida atamva zimenezi sanagulitse mpunga tsiku limenelo. Anamugwira mwanayo pamkono mpaka pa khonde la sitolo, n'kuwauza achimwene awo kuti mwini mbumba ndi iwo, aone chochita. Sukulu sankaikana. Chimene ankaopa n'chakuti mwana akapita kumeneko sadzabwereranso, ndiye iwo akadzadwala adzawapatsa madzi ndani.

Che Amidu anaimitsa makina n'kumufunsa Ajira kuti ku yunivesiteko amagulitsa chiyani. Ajira anafotokoza bwinobwino. Ku Zomba kuli za uphunzitsi, za malamulo, za sayansi ndi za kayendetsedwe ka boma. Ku Blantyre kuli za uinjiniya ndi zowerengera chuma. Ku Bunda kuli za ulimi, ndipo ku Lilongwe kuli za unamwino. Munthu amaphunzira zaka zinayi kapena kuposerapo, kenako amalandira digiri, ndipo digiriyo ndi imene imamulozera ntchito.

“Nanga iwe mtima wako uli pati?”

“Pa sayansi ya zamoyo, amjomba. Ndikufuna ndidzagwire ntchito yofufuza nsomba.”

Che Amidu anaseka mpaka tepi inagwa m'khosi. Anati munthu wobadwira pamphepete pa Shire akwere phiri la Zomba kukafunsa za chambo? Agogo ake ankadziwa nsomba iliyonse ndi dzina lake, osavala ndi nsapato zomwe. Ndiponso mkazi ndi nsomba amakumana pa thandala poyanika ndi pa msika pogulitsa, osati m'madzi. Anamuuza kuti zimenezo aiwale. Ajira anangotola tepi ija n'kuwabwezera.

Koma atachoka awiriwo, nkhaniyo inawakhala m'mutu. Anapalasa makina pang'ono, n'kusiya. Chinthu choti mwana wamkazi atomerane nacho zaka zinayi, kenako akhale nacho mpaka imvi, chizimudyetsa, chizimuuza kogona ndi nthawi yodzuka, chimenecho dzina lake n'chiyani ngati si mwamuna? Ndipo ngati ndi mwamuna, funso ndi lomwe lija la masiku onse: abwera kudzakhala kuno chikamwini, kapena amutenga mwana wathu chitengwa? Atafika pamenepo nkhope inawala. Za mabuku sankazidziwa, anasiyira sitandade fili, koma kufufuza mkamwini inali ntchito yawo. Madzulo anakawauza Amida kuti asadandaule, awafufuza amuna onsewo mmodzimmodzi, ndipo amene avomere kudzakhala ku Mangochi ndi amene atenge mwana.

Anayamba ndi uphunzitsi, chifukwa nkhalamba yake inali pafupi. A Ambrose anali mphunzitsi wamkulu wopuma, okhala kuseri kwa bwalo la mpira. Che Amidu anazungulira kukhitchini monga mwa lamulo lawo, ndipo anapeza mayi a pakhomopo akupeta mpunga. Anayang'ana m'nyumba. Tebulo mwendo womanga ndi waya, kabati galasi losweka, mpando uliwonse uli ndi chipsera. Atafunsa ngati munagwa nkhondo m'menemo, mayiwo anati ayi, ndi malole a boma. Anasamuka kuchokera ku Nsanje kupita ku Rumphi, ku Rumphi kupita ku Mchinji, mpaka mwana woyamba amalota m'Chisena, wachiwiri m'Chitumbuka. Kenako ananena mawu amene anawalowa Che Amidu mpaka m'mafupa: chikwatiwire, sanadyepo mango a mtengo wobzala okha. Che Amidu anatsanzika mwaulemu. Uphunzitsi ndi mwamuna wa khalidwe, koma woyendayenda.

Unamwino sunawatayitse nthawi. Namwino wina dzina lake Esime ankasoketsa yunifolomu kwa iwo, ndipo atapita kunyumba kwake anapeza katundu ali m'makatoni, akudikira lole. Za malamulo zinawavuta chifukwa sanapeze woti amufufuze. Loya ankatulukira pa khoti m'mawa ndi galimoto, dzuwa lisanapendeke wabwerera ku Blantyre. Che Amidu anati mwamuna woonekera tsiku la mlandu lokha si wopatsa mwana. Injiniya anamupeza pamene ankakonza msewu, ndipo anacheza naye mpaka kuiwala swala, pemphero la masana, akufunsa kuti kachipangizo ka miyendo itatu kaja amaoneramo chiyani. Anawalola kusuzumiramo, n'kuona munthu ali kutali atagwira ndodo ya manambala ngati ali pamphuno pawo. Anakondwa kwambiri. Koma atafunsa kuti msewu ukatha injiniyayo amatani, yankho linali lakuti amatsata msewu wina.

Ku Nkopola anapita pa njinga yobwereka. Analowera kuseri kwa hotela ina, kumene amatsukira mapoto, ndipo ophika anawalozera kachipinda ka wowerengera chuma. Anapeza mnyamata wa tayi, m'chipinda mozizira ngati mwezi wa Juni, chala chikuvina pa makina a manambala. Che Amidu anapempha kuti adinepo, anadina, kapepala kanatuluka, anadinanso. Mnyamatayo anali waulemu ndipo ntchito yake ankaikonda. Koma atafunsidwa kuti akuluakulu a ntchito imeneyi ali kuti, anati onse ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo nayenso akungodikira mpata. Kunyanja kuno n'koyambira chabe.

Masiku ankapita, ndipo pa khonde la sitolo nsalu zinaunjikana. Amayi obwera kudzatenga madiresi ankapeza makina ataphimbidwa ndi chiguduli. Wina anakadandaula kwa Amida kuti achimwene awo aja ayamba kufunsira okha maofesi. Koma Che Amidu anali atalawa chinthu chokoma kuposa kusoka. Ankabwera madzulo n'kumawafotokozera anzawo a pa bawo kuti kunja kuno kuli munthu amene amalipidwa chifukwa chonunkhiza dothi, wina chifukwa choyeza mvula m'kabotolo. Anzawowo ankati akunama. Ajira yekha ndiye ankangomvetsera, akuthandiza mayi ake kusankha mpunga.

Ndiye kunatsala kumtunda. Zaka zimenezo njira ya ku Namwera ndi ku Chiponde inali yodzaza malole a chimanga, nandolo ndi mabulangete opita ku misasa ya othawa nkhondo, ndi magalimoto oyera a mabungwe, a mlongoti wautali kumbuyo. Che Amidu ankawaona akudutsa pa mlatho, ndipo anamva kuti ena mwa okwera m'menemo ndi ana a konkuno. Anapempha malo pamwamba pa matumba, n'kukwera mapiri aja atagwira kofia ndi dzanja limodzi.

Kumeneko anapeza a Simioni, mwana wa kwa Mponda weniweni, amene mayi ake Che Amidu ankawadziwa. Anali woyang'anira kagawidwe ka chakudya pa msasa wina, m'bungwe lina lothandiza. Anaphunzira za kayendetsedwe ka anthu ndi boma ku Zomba. Anafotokoza kuti digiri imeneyo ena imawafikitsa ku ofesi ya DC, ena ku mabungwe ngati iyeyo. Za DC Che Amidu sanafune n'kumva komwe, chifukwa anali atasokera akazi a ma DC ambirimbiri, ndipo ena ankasamuka diresi lisanathe. Koma za bungwezo zinawakomera. Munthu ali ndi galimoto ndi dalaivala, nyumba yamalata, Loweruka lililonse amatsika kukaona mayi ake atanyamula shuga. Anamufunsa ngati anamusamutsapo, iye anati ayi, ntchito ili pompano ndipo ikungochuluka. Akazi aliponso? Alipo, ndipo ena ndi mabwana. Che Amidu anaona kuti mkamwini uja wapezeka.

Chinatsala ndi lamulo lija la woyandikana naye nyumba. Kuseri kwa nyumba yosungiramo chimanga kunayambira tinyumba ta udzu ta othawa nkhondo, ndipo pa kanyumba koyamba anapeza munthu womudziwa. Anali Lourenco, amene kwawo ku Mandimba anali mphunzitsi. Nthawi ina anatsikira ku Mangochi ndi jekete lake limodzi lomwelo kuti alitembenuze kolala, ndipo anacheza tsiku lonse m'Chiyao, chifukwa malire aja anadula dziko koma sanadule chilankhulo. Tsopano anali pansi akuluka dengu. Anapatsana moni, anafunsana za kunyumba, kenako Che Amidu anafotokoza ulendo wawo wonse, kuyambira tebulo la a Ambrose mpaka galimoto ya a Simioni. Lourenco anaseka pang'ono za digiri yokhala mwamuna, koma sanatsutse.

“Munthuyo ndi wabwino,” anatero. “Satikalipira. Mwana akadwala amamunyamula pa galimoto yake. Koma Che Amidu, mwamuna mwamupezayu ali kale pa banja.”

“Ndi yani?”

“Ndi nkhondo yathu. Ife pano tangobisala mvula pa khonde la eni. Tsiku limene mfuti zidzaleke kulira, ine ndidzapinda mphasa, dengu ili ndidzasiya losamaliza. Chimanga chidzaleka kubwera, ndipo galimoto ija idzapita kumene kwabuka nkhondo ina. Mukafuna kuti mwana wanu akhale pafupi ndi mayi ake chifukwa cha ntchito imeneyi, ndiye kuti Lachisanu lililonse mukalowa mu mzikiti muzikapempha kuti ine ndisadzaonenso kwathu.”

Che Amidu, munthu amene apongozi anamuthamangitsa chifukwa cha mafunso, anasowa funso. Anayang'ana zala za Lourenco zikupinda nsungwi. Pamapeto pake anati pemphero lotero pakamwa pawo silingatuluke. Anagula dengu limodzi lomwe sankalifuna, n'kutsika ndi lole yopanda katundu, mafupa akugubuduka.

Holide inali kutha. Amida ankawayang'ana achimwene awo ndi maso ofunsa, ndipo iwo ankangoti nkhani ikuyenda. Anabwerera pa makina awo ndi mtima wolemera, nayamba kuchotsa mulu wa nsalu uja. Pansi penipeni panali ovololo yabuluu yong'ambika pabondo, yonunkha nsomba moti amphaka a pa msika ankaidziwa. Mwini wake anafika tsiku lomwelo kudzaifunsa. Anali a Yakobo, bambo wachikulire wa ku ofesi yoona za nsomba, amene m'mawa uliwonse ankapita padoko ndi sikelo ndi kathabwa koyezera. Che Amidu anaitembenuza ovololoyo kufuna poika chigamba, ndipo anaona kuti palibe malo opanda ulusi wawo. Chigamba ichi anaika makina ali atsopano. Ichi anaika chaka chimene anathamangitsidwa kwa Mponda. Anakweza mutu n'kumuyang'ana munthuyo ngati akumuona koyamba.

“A Yakobo, inu ndi wa boma?”

“Wa boma, inde.”

“Nanga bwanji sanakusamutseni zaka zonsezi?”

“Andisamutsire kuti, a telala? Ku Dedza kuli nyanja?”

Chigamba chija sichinasokedwe tsiku limenelo. M'mawa mwake Che Amidu anali padoko dzuwa lisanawawe, akuonerera a Yakobo akutenga chambo m'madengu a asodzi, kuchigoneka pa kathabwa, n'kumatchula manambala. Wolemba manambalawo anali bwana wawo, a Zakaria, mwamuna wochepa thupi wopinda buluku mpaka m'mawondo. Ameneyo ndiye anali ndi digiri. Che Amidu anamufunsa kuti anaphunzira chiyani, ndipo yankho linali lomwe lija anamva pa khonde lawo tsiku loyamba: sayansi ya zamoyo, ku Zomba. Anakhosomola pang'ono, n'kufunsa kuti nsomba yoti ikadyedwa masana omwewo akuiyezeranji.

A Zakaria anawatengera ku ofesi. Anachotsa mamba amodzi a chambo, kuwaika pansi pa galasi lokulitsa zinthu, n'kuwauza kuti asuzumire. Che Amidu anaona mizere yozungulira ngati ya pa chitsa cha mtengo wodulidwa. Anauzidwa kuti mizereyo imathandiza kudziwa kuti nsombayo yakula nthawi yaitali bwanji, ndipo akaona kuti asodzi akungogwira zazing'ono zosabereka, amadziwa kuti kutsogolo kuli njala. Che Amidu anasuzumira, n'kuchotsa diso, n'kusuzumiranso. Moyo wawo wonse ankapala mamba n'kutaya kudzala, osadziwa kuti nsomba imayenda ndi zaka zake pamsana. Anapempha kuti aonenso za kampango, n'kuuzidwa kuti kampango alibe mamba. Anati zimenezo akuzidziwa, amangomuyesa bwanayo.

Kenako anabwerera ku ntchito imene anadzera. Akuluakulu a ntchito imeneyi amakalambira kuti? A Zakaria anati ambiri ku Monkey Bay, ena pompano, ena akuphunzitsa pa sukulu ya usodzi ku Mpwepwe. Sanabise kuti alipo ena amene amatumizidwa kumpoto kwa nyanja kapena ku likulu, koma ntchito yochuluka ili kummwera kuno, kumene kuli chambo. Nanga mkazi? Lamulo loletsa palibe, kungoti iwo sanamuonepo. Apa a Yakobo analowererapo, nati asodzi sadzakondwa. Mkazi kuyandikira khoka kapena kuponda m'bwato, ena amati nsomba zimathawa, ndipo tsiku limene agwire zochepa adzaloza iyeyo.

Che Amidu anayenda wapansi kubwerera, akulankhula okha. Chilema chinalipo, ndipo sichinali chaching'ono. Iwonso anakulira m'chikhulupiriro chimenecho, bambo awo anali msodzi. Koma pa unkhoswe wawo wonse sanapezepo mkamwini wopanda chilema. Wina waulesi, wina wamkamwa, wina amadya ngati dzombe. Nzeru ndi kusankha chilema chimene mungathe kukhala nacho pamudzi. Asodzi adzang'ung'udza, adzatopa. Ndiponso boti la boma lili ndi injini ndi denga, ndani anati limenelo ndi bwato? Koma nyanja, imeneyo palibe lole yoti ingainyamule.

Tsiku lotsatira anatulukiranso ku ofesi ija atavala mkanjo wa Lachisanu, m'khwapa muli nkhuku yathadzi. Anawauza a Zakaria kuti mbali ya mkazi yavomera, tsono akufuna adziwe nkhoswe ya mbali ya mwamuna, kuti banja likadzavuta adziwe kokagogoda. A Zakaria anaganiza kuti mwina sanamve bwino. Anafotokoza mofatsa kuti iwo sasankha ana opita ku yunivesite, salemba anthu ntchito, ndipo digiri ilibe abale. Che Amidu anati chinthu chopanda abale sichingatenge mwana wa Amida. A Yakobo, amene diso lawo linali pa nkhuku ija, anati ngati ndi choncho iwo aimirira. Analandira thadzi ndi manja awiri, akumwetulira. Kumwetulirako kunatha pamene Che Amidu anawakumbutsa kuti mbali ya mwamuna imabweza tambala. Anakagula ndithu, ndipo Che Amidu anamukana woyambayo kuti ngwowonda.

Madzulo ake anaitanitsa Amida ndi Ajira, n'kukhala pa mpando ngati munthu wobwera kuchokera ku Haji. Anafotokoza amuna onse amene anawakana ndi zifukwa zake. Kenako analengeza kuti atayenda dziko lonse, apeza maphunziro amene ena sawadziwa, otchedwa sayansi ya zamoyo, ndipo ntchito yake ndi yofufuza nsomba. Anayamba kumufotokozera Ajira za mizere ya pa mamba.

“Amjomba, si zomwe ndinanena zija?”

“Unanena, koma unali usanafufuze. Mbeta sidzifunsira yokha.”

Amida sanasamale za amene anayamba kunena. Funso lawo linali limodzi, ngati mwanayo adzabwerera. Che Amidu analoza tambala amene anamangidwa mwendo pa mtengo wa mango, n'kunena kuti chikole chake ndi chimenecho.

Ajira analemba mayeso, ndipo tsiku limene mayina a osankhidwa anamveka, Che Amidu anasoka thumba la malaya a munthu mozondoka. Ajira anapita ku Zomba. Pa holide ankabwera ndi mabuku a zithunzi za m'mimba mwa nsomba, ndipo amjomba ake ankawatsegula pa khonde n'kumawafotokozera anthu ngati analemba ndi iwo. Ali komweko nkhondo ya ku Mozambiki inatha. Malole aja anayamba kuyenda chobwerera, atanyamula anthu, mbuzi ndi malata. Lourenco anadutsa pa khonde kudzatsanzika, atavala jekete lija. Pasanapite nthawi magalimoto oyera anachepa pa mlatho, ndipo a Simioni anamveka kuti ali kudziko lina kumene kunabuka nkhondo. Mayi awo shuga ankagula okha.

Tsono musaganize kuti zonse zinayenda monga anakonzera Che Amidu. Ajira anamaliza, analembedwa ntchito yomwe ankaifuna, ndipo malo oyamba kumutumiza anali Nkhata Bay. Amida analira ngati pagwa maliro. Che Amidu anavala mkanjo uja n'kupita kwa a Yakobo, amene panthawiyo anali atapuma ntchito, akuweta abakha. Anakhala pa mphasa n'kutula mlandu monga mwa mwambo: mwamuna wanu tinagwirizana chikamwini, lero watenga mwana wathu usiku ngati mbala. A Yakobo anati iwo ankayesa nthabwala. Che Amidu anafunsa ngati nkhuku ija anaidya mwa nthabwala.

Ndiye nkhalamba ziwirizo zinayamba kuyenda. Mwezi uliwonse zinkatulukira ku ofesi ya a Zakaria, amene tsopano anali bwana wamkulu ndithu, n'kukhala pa benchi panja. Sizinkakangana ndi munthu. A Zakaria akatuluka, zinkawapatsa moni, kufunsa za ana, kenako n'kufunsa kuti mlandu uja uli pati. A Zakaria ankafotokoza kuti zosamutsa anthu zimachokera ku likulu. Nkhalambazo zinkavomereza kuti n'zoona, n'kulonjeza kuti zibweranso mwezi wamawa.

Mvula itagwa kawiri, Ajira anasamutsidwira ku Monkey Bay. A ku ofesi amati kunafunika munthu wodziwa za chambo ndipo iye ndiye anali woyenera. Che Amidu amati ndi nkhuku. Amene akufuna kutsutsa akawapeze yekha, ali ndi nthawi yambiri kuposa inu.

Asodzi anang'ung'udzadi. Masiku oyamba ena ankakokera madengu awo kumbali akamuona akubwera, ndipo iye ankangoima patali ndi khoka n'kumayeza nsomba za amene alola. Ena mpaka lero salola. Koma Loweruka ankakwera basi kubwera kwa mayi ake, ndipo dimba lija analilimitsa. Nthawi imeneyo lamulo loletsa akazi kuvala buluku linali litachotsedwa, tsono Ajira anabwera pa khonde ndi nsalu yabuluu kuti amjomba ake amusokere ovololo yokwerera boti. Che Amidu anakana, anati iwo sanasokerepo mkazi chinthu cha miyendo iwiri. Kenako anafunsa kuti botilo limadziwa bwanji kuya kwa madzi. Ajira anati lili ndi kachipangizo kojambula pansi pa nyanja, ndipo akhoza kuwapempherera kuti akakwere nawo tsiku lina akaone okha. Che Amidu anachotsa tepi m'khosi.

Ovololoyo inatuluka mwendo umodzi wautali kuposa unzake, chifukwa tsiku limenelo mumsewu munadutsa galimoto yokoka boti. Ajira anangopinda mwendowo n'kumavala, chitenje pamwamba. Mwezi wa Disembala anabwera nayo kunyumba kudzachapa, n'kuiyanika pa nthambi ya mtengo wa agogo uja, iye atakhala pansi pake ndi mayi ake, akudya mango.